Mawu a Shuga a Bu Wartini

Rosmawar Lubis anabadwira ku Padangsidimpuan, pachilumba cha Sumatra, m'nyumba imene anthu akamangofunsana za mchere, odutsa mumsewu ankaganiza kuti mwabuka ndewu. Bambo ake ankayendetsa basi, mayi ake ankagulitsa nsomba zouma pamsika, ndipo onse awiri ankayankhula ngati akuitana munthu wa tsidya lina la mtsinje. Kwawoko ukalakwa ankakuuza pomwepo, pamaso m'pamaso. Mukatha kukalipirana munkakhala pansi n'kudya mpunga m'mbale imodzi. Mtsikanayo anakula akudziwa kuti munthu akati inde ndiye kuti inde, akati ayi ndiye kuti ayi.

Sutarjo anakumana naye ku Medan, kumene mnyamatayo ankakonza njinga zamoto. Anali wa ku Java, wofatsa, woyankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Anakwatirana, anabereka mwana wamwamuna dzina lake Danang, ndipo makolo a Sutarjo atamwalira anasamukira kwawo kwa mwamunayo ku Klaten, pachilumba cha Java, kukasunga nyumba. Inali m'kanjira kopapatiza, kumene khoma la uyu limagundana ndi la uyo. Rosmawar sanali munthu wokhala pansi. Sabata isanathe anali atapeza kale malo pageti la sukulu, akukazinga nthochi, ndipo akafuula kuti zapsa, ngakhale ana a m'kalasi ya kumapeto ankamva.

Zaka zoyambirira ankauza aliyense kuti anthu abwino ngati a ku Klaten sanawaonepo. Tsiku lililonse ankamuyamikira.

"Bu Ros, koma ndiye muli ndi mawu athanzi," ankatero mayi woyandikana naye, poti kumeneko mayi aliyense amamutchula kuti Bu. "Ngakhale ife a kumapeto kuno timadziwa tsiku limene Danang sanasambe."

"Ndi a kumtundu amenewa!" ankayankha monyadira Rosmawar. "Mukanamva a mayi anga!"

Akayanika zovala chodutsa kanjira, ankamuuza kuti zovala zake ndi zokongola, aliyense wodutsa akuzionera pafupi. Akachedwa kumsonkhano wa amayi, ankamulandira ndi msangala kuti wachita bwino kufika asanatsuke makapu. Iye ankathokoza, mtima uli mbee.

Woyamikira kuposa onse anali Bu Wartini, mayi wamng'ono thupi, watsitsi lomanga bwino kumbuyo, amene kumwetulira sikunkachoka pankhope pake. Ukwati, maliro, mwambo wa mdulidwe, paliponse pamene amayi a m'kanjiramo asonkhana kuti aphike, woyang'anira miphika anali iwo. Akatukula chala, nkhuni zinkasonkhezedwa. Akatsokomola pang'ono, wina ankathamangira mchere. Koma Rosmawar, nthawi zonse Bu Wartini ankamupatsa dengu la anyezi ndi adyo kuti akasendere panja, pafupi ndi ngalande.

"Pamenepo pali kamphepo kabwino," ankatero Bu Wartini. "Inu a thupi lodalitsika mungavutike ndi utsi muno."

Rosmawar ankasenda anyeziwo misozi ili chuchuchu, akuganiza kuti mayiwa amamuganizira bwanji.

Maso ake anatseguka pa ukwati wa mwana wa Pak Harno, bambo wina wa m'kanjiramo. Mwa chizolowezi, amayi onse ophika ankalandira nsalu ya mtundu umodzi kuti asoketse zovala za tsikulo, ndipo chaka chimenecho inali yobiriwira. Wogawa anali Bu Wartini. Rosmawar atafunsa za yake, anamuuza kuti amusungira yabwino, abweretsa mawa. Mawa linafika, nsalu osaoneka. Atafunsanso, anati aiwala pampando, abweretsa mawa lake. Mawa, mawa, mpaka tsiku la ukwati linakwana. Rosmawar anavala diresi lake lachikasu n'kupita, ndipo anapeza amayi onse ali biriwiri ngati munda wa mpunga, iye yekha ngati papaya lakupsa.

"Kalanga ine, ukalamba!" anatero Bu Wartini, dzanja lili pachifuwa. "Koma zakhala bwino, Bu Ros. Alendo aziganiza kuti mkwatibwi ndinu."

Amayi ena anaseka ataphimba pakamwa. Itakwana nthawi yojambula chithunzi cha ophika, Bu Wartini anamupatsa foni.

"Mutijambule inu, poti ndinu wamtali."

Anawajambula. Koma pamene ankayang'ana nkhope zomwetulirazo pafoni, anaona kuti chinachake sichili bwino, koma sanadziwe kuti n'chiyani.

M'mawa mwake ankatsuka mbale za paukwati pamodzi ndi mlamu wake Sulasmi, mlongo wamkulu wa Sutarjo, amene anabwera kuchokera ku Solo, yemwe iye ankamutchula kuti Mbak, ndiye kuti achemwali. Rosmawar anati mwina Bu Wartini ayenera kukaonana ndi dokotala, kuiwala kotereku si kwabwino.

Sulasmi anasiya mbale n'kumuyang'ana.

"Dik Ros, mng'ono wanga, ukunena zoona kapena ukuseleula?"

"Zoona, Mbak. Bwanji?"

"Mayi aja amakumbukira kuchuluka kwa mazira amene anaphika paukwati wanga. Nsalu imodzi angaiwale?"

"Nanga akanandimana chifukwa chiyani? Amandikonda. Amandipatsa malo a mphepo."

"Pangalande."

Sulasmi anasendera pafupi, natsitsa mawu. Anamuuza kuti kuno munthu akati mawu ako ndi athanzi ndiye kuti ukusokosa. Akayamikira zovala zimene wayanika ndiye kuti watseka njira. Ena amatero kuti asakuchititse manyazi, akungofuna umve wekha ukonze. Koma alipo ena a kampeni kumphasa, amene amathira shuga pamwamba pa munga kuti ukakubaya usowe pogwira powadandaulira.

"Ndiye kuti zaka zonsezi..."

"Tinkaganiza kuti ukumva koma sukusamala. Ena mpaka ankakuopa."

Kuyambira tsiku limenelo mtima wa Rosmawar sunakhalenso m'malo. Akamakazinga nthochi, mawu a zaka zonsezo ankabwera limodzilimodzi, ndipo lililonse akalitembenuza ankapeza munga pansi pake. Ankaima, n'kukhala, n'kuimanso. Nthochi zinkapserera iye ali tong'o. Tsiku lina anatseka malonda dzuwa lili pamutu n'kupita kumene amuna ake ankakonzera njinga.

"Bang, inu munkadziwa?" anafunsa, akuwatchula monga akazi a kwawo amatchulira amuna awo.

Sutarjo anatukula mutu, manja ali bii ndi oilo. "Ndinkaganiza kuti iwenso ukudziwa, Dik."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndinakuuza."

"Liti?"

"Tsiku lija ndinati wailesi ya kunyumba kwathu sifuna mabatire."

"Ine ndinapita kukayang'ana wailesiyo!" anakuwa Rosmawar, kenako anadzigwira pakamwa n'kucheuka uku ndi uku kuona ngati wina wamva.

Anayamba kunong'ona. Zovala ankayanika m'nyumba mpaka zinkanunkha chinyontho. Kumsonkhano ankafika mphasa zisanayalidwe. Komabe mtendere sanaupeze, chifukwa tsopano mawu alionse ankawakayikira. Wina akamupatsa moni, ankafufuza chimene chabisala kumbuyo kwa moniwo. Wina akapanda kumupatsa, zinkakhala zoipa koposa. Akamva kuseka kuseri kwa khoma, ankaima ndi chipande m'manja, khutu lili tcheru.

Panali mayi wina wamasiye, Yu Painem, amene ankayenda ndi mabotolo a zakumwa za zitsamba kumsana. Tsiku lililonse ankaima pageti la sukulu, kugula nthochi ziwiri n'kucheza pang'ono. M'mawa wina anati, "Lero ndiye zakoma, Bu Ros."

"Ndiye kuti dzulo sizinakome?" anam'dula Rosmawar. "Nenani zenizeni, Yu! Ndatopa nazo zozungulira!"

Yu Painem anagwa nkhope. Anaika nthochi yotsalayo pathebulo, nanyamula mabotolo ake. Masiku angapo anadzera njira ina. Rosmawar anazindikira mochedwa kuti walasa munthu amene sanamuponyerepo munga ndi kamodzi komwe. Anamulondola mpaka kwawo, kuseri kwa mzikiti, n'kupepesa monga amapepesera kwawo ku Sumatra: mokweza, misozi ndi mamina pamodzi. Yu Painem anachita manyazi ndi phokosolo mpaka anamukokera m'nyumba n'kutseka chitseko.

Ndi Yu Painem amene anamuuza chiyambi cha nkhani ya Bu Wartini, ngakhale anachita kumukoka lilime.

"Mukukumbukira ulendo woyamba umene munadzaphika nafe, mutangofika kumene?"

"Pang'ono."

"Munalawa nkhuku ya Bu Wartini, ija ya mumkaka wa kokonati."

"Eya?"

"Munati, 'Izi ndi ndiwo kapena ndi uchi?' Amayi onse akumva. Ndi mwini phwando yemwe."

Rosmawar anakanda mutu. Sankakumbukira n'komwe. Kwawo mawu otere ankangouluka ngati ntchentche, wophika n'kuyankha kuti ngati sukufuna kadye kwa amako, nkhani n'kuthera pomwepo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wake unali utamutsata zaka zonsezi, akusenda anyezi pangalande.

Sanadikire. Masana omwewo anapita kwa Bu Wartini. Anamulandira bwino, anamupatsa mpando wabwino, tiyi ndi mtedza wophika.

"Bu, ndabwera kuti tikambirane. Ndikuona ngati ndinakulakwirani."

"Inu? Kundilakwira ine? Ayi, Bu Ros, palibe kanthu. Imwani tiyi, angazizire."

"Nkhani ya nsalu ija..."

"Ukalamba, mwanawe. Nanunso udzakupezani."

Anayesa khomo ili, anapeza lotseka ndi kumwetulira. Anayesa lina, chimodzimodzi. Anatuluka m'nyumbamo atakhuta mtedza koma mtima uli wolemera kuposa mmene analowera.

Anadikira Idi, tsiku limene anthu amayenda khomo ndi khomo kupemphana chikhululuko. Atafika kwa Bu Wartini anagwira manja awo onse awiri, ndipo m'malo mwa mawu a chizolowezi amene aliyense amanena, anatchula chinthucho ndi dzina lake.

"Bu, ndinanyoza nkhuku yanu pamaso pa anthu. Ndinalakwa. Mundikhululukire."

Maso a Bu Wartini anaphethira kamodzi. "Iii, zimenezo ine ndinaiwala kalekale," anatero mokoma. "Si lija Lachinayi lija, kwa Bu Karti, inu mutavala zofiira?"

Rosmawar anafika kunyumba n'kutsitsa chikwama pamwamba pa kabati. Anauza Sutarjo kuti akupita kwawo kukaona mayi ake, ndipo za tsiku lobwerera asamufunse. Anayenda ulendo wautali wa basi ndi sitima ya pamadzi, mtima uli patsogolo. Koma atangotsika, mng'ono wake anamulandira ndi mawu akuti, "Wanenepa ngati njati! Ku Javako amakudyetsa chiyani?" Mayi ake anati tsitsi lake layamba imvi ndipo diresi lake ndi lonyansa. Kale akanaseka n'kubweza. Tsopano mawuwo anamulasa, ndipo anadzipeza akuyankha mwaulemu, akumwetulira, mpaka mayi ake anamugwira pachipumi kuti aone ngati akudwala. Sabata ziwiri zisanathe anali akulakalaka kanjira kake kopapatiza. Kuno kunali kophokosera, uko kunali kwa minga. Anabwerera ku Klaten asanadziwe kuti kwawo kwenikweni ndi kuti.

Njira yake anaipeza pang'onopang'ono, mopunthwa. Tsiku lina, iye akukazingira kunyumba nthochi zina, mayi woyandikana naye anati, "Utsi wa mafuta anu umanunkhira bwino, mpaka mapilo athu akununkhira nthochi." Rosmawar anamva magazi akukwera kumutu. Koma anafunsa motsitsa mawu, ali awiriwiri.

"Ukulowa kuchipinda kwanu, Bu? Ndikasunthira mbaula kuseri zingathandize?"

Mayiyo anachita ngati wagwidwa akuba, kenako anapumira m'mwamba. "Mukatero mwina Pak, bambo a kunyumba, angamagone bwino masana."

Anasuntha mbaulayo, ndipo mayiyo anayamba kumubweretsera masamba a nthochi osawapempha. Apa Rosmawar anaona kuti ambiri mwa mawu ozungulirawo anali ndi pempho m'kati mwake, ndipo ukalitulutsa pempholo mwakachetechete n'kulichita, munga umatha wokha. A Bu Wartini okha ndiwo analibe pempho. Ankangofuna kubaya basi. Kwa iwo anaphunzira kufunsa kamodzi kokha kuti, "Pali chimene mukufuna ndikonze, Bu?" Akati ayi, iye ankati zikomo n'kupitiriza ntchito yake. Zoti sizinkamuwawa lingakhale bodza. Ankapitabe kunyumba akubwereza mawuwo, akusesa posesa kale. Koma mawu ake anasiya kuwabisa, ndipo zovala zinabwerera padzuwa, kuseri kwa nyumba.

Patapita nthawi, mwana wa Bu Karti anapeza mkazi wa ku Padang, mzinda wa ku Sumatra. Kuti alemekeze achibale a mkwatibwi, Bu Karti anapempha kuti paphwando la kwa mkwati pakhale nyama ya ng'ombe yophika monga amaphikira ku Sumatra, ija youma, yakuda, ya tsabola wambiri. M'kanjira monsemo woidziwa anali mmodzi yekha. Kwa nthawi yoyamba Rosmawar analowa m'khitchini mwenimweni, napatsidwa chiwaya chachikulu ndi moto wakewake.

"Tiphunzira zambiri lero," anatero Bu Wartini, akumwetulira kwa amayi ena.

Tsoka ilo, Rosmawar anadzuka ndi chimfine choopsa. Mphuno zinali gwa, osamva fungo ngakhale la adyo. Nyama imeneyo imafuna kutakasa kosalekeza, ndipo anaitakasa kuyambira m'mawa mpaka mikono inachita dzanzi. Itayamba kuuma, ana amene ankakulunga mpunga m'masamba a nthochi anamuitana kuti awathandize kudula masamba. Anasiya mthiko poganiza kuti moto wachepa, osadziwa kuti wina wodutsa wasonkhezera chikuni chouma.

"Kafungo kabwino bwanji," anatero Bu Wartini patapita kanthawi, akuyang'ana kudenga. "Ngati khofi wokazinga."

Rosmawar anatukula mutu. "Zikomo, Bu. Ine lero mphuno zafa. Pali chimene mukufuna ndikonze?"

"Ayi, ayi. Ndimangoti nkhuni za chaka chino ndi zouma bwino."

"Zoonadi," anatero Rosmawar, nabwerera kumasamba ake. Mumtima anati ndi zomwe zija za masiku onse, ndisazitengere.

Amayi ena anali atamva fungolo, koma palibe amene akanayankhula Bu Wartini asanayankhule. Anangoyang'anizana. Bu Wartini anaima pakati pa khitchini, chipande chili m'manja. Nyama ikapserera, manyazi akanagwera Rosmawar, inde. Koma inali nyama ya theka la ng'ombe, alendo anali panjira, ndipo paphwando lililonse la m'kanjiramo anthu sankafunsa kuti watakasa ndani. Ankafunsa kuti woyang'anira miphika anali ndani. Anatsokomola. Rosmawar sanacheuke. Anatsokomolanso mwamphamvu. Kautsi kabuluu kanayamba kutuluka m'mbali mwa chiwaya.

"Iwe Ros!" Mawuwo anang'amba khitchini yonse mpaka nkhuku za panja zinabalalika. "Nyama ikupserera! Ndiwe wogontha kodi? Chotsa nkhunizo!"

Rosmawar analumpha ngati walumidwa ndi nyerere. Anasolola zikuni ndi manja, anakuwira Yu Painem kuti abweretse chiwaya china, ndipo awiriwo anakhuthulira nyamayo mosamala, osakanda pansi. Yakuda yomatirira inatsala m'chiwaya chakale. Yambiri inapulumuka.

Atatembenuka, thukuta lili kamukamu, anapeza khitchini yonse ili zii. Palibe mwa amayiwo amene anamvapo Bu Wartini akukweza mawu, ngakhale tsiku limene nyumba yawo inalowa madzi. Mwini wakeyo anali ataima pomwepo, dzanja pakamwa, nkhope itafiira mpaka m'makutu.

Rosmawar anamva chinthu chikumasuka pachifuwa pake, ndipo kuseka kunam'tuluka kosafuna, kosakanikirana ndi chifuwa.

"Ndamva, Bu," anatero akupukuta maso. "Apa ndiye ndamva bwinobwino. Zikomo."

Bu Wartini anaika chipande pathebulo n'kutulukira khomo la kuseri. Alendo a ku Padang anadya nyamayo mpaka kunyambita zala, koma woyang'anira miphika sanaonekenso tsiku limenelo. M'mawa mwake sanabwere kudzatsuka mbale. Anatumiza uthenga woti mutu ukuwawawa.

Rosmawar anavutika nazo. Kupita kukawazonda kukanakhala ngati kukawakumbutsa manyazi awo. Kusapita kukanakhala ngati kunyada. Anaika nyama yotsala m'mbale, anafika pageti lawo, anabwerera. Anakhala pansi, anadzuka, anapitanso. Pomaliza anaona mdzukulu wawo akusewera pakhonde, anam'patsa mbaleyo n'kuchoka mofulumira ngati wakuba.

Sanakhale mabwenzi, ndipo aliyense m'kanjiramo angakuuzeni zimenezo. Mpaka lero akakumana amapatsana moni wautali, waulemu, wina akumwetulira, wina akumvetsera ndi makutu onse awiri. Koma mbale ija inabwerera. Kuno mbale sibwerera yopanda kanthu, ndipo iyi inabwera ndi mango atatu aawisi a mumtengo wa kwa Bu Wartini.

Rosmawar anawatembenuza uku ndi uku, anawanunkhiza ngakhale mphuno zinali zisanatseguke, kenako anawatengera kwa amuna ake, amene ankamwa khofi pakhomo.

"Bang, munthu akakupatsa mango aawisi amatanthauza chiyani?"

Sutarjo anawayang'ana mofatsa. "Amatanthauza mango, Dik."

"Mukutsimikiza?"

Sutarjo anatsegula pakamwa, natsekanso, nakanda chibwano. Rosmawar anadikira pang'ono, koma belu la kusukulu linali litatsala pang'ono kulira ndipo mafuta anali asanatenthe. Anasenda limodzi, analidula, analisunsa mumchere ndi tsabola, n'kumadya choimirira uku akumangirira dengu la nthochi kumbuyo kwa njinga.